Msika wa Zida Zakale Zowedzera Nsomba: Kodi Anthu Amagula Chiyani Kwenikweni?

M'mwezi wa November 2003, pa okushoni ya kampani ya Lang's ku Massachusetts m'dziko la America, munthu wina adalipira madola 101,200 kugula kansomba ka mkuwa kotalika masentimita pafupifupi 25. Kansombako ndi nyambo yochita kupanga, yamphako m'kati, ya mamba ozokota, ya mchira umene umazungulira ikamakokedwa m'madzi. Adaipanga ndi Riley Haskell, mmisiri wa mfuti wa ku Painesville, Ohio, amene boma lidamupatsa chikalata chotsimikiza kuti lusolo ndi lake mu 1859. Wogulayo sadali ndi maganizo opita nayo kudziwe. Nyambo ya mtengo wotere ikakodwa pa chitsa pansi pa madzi, chuma chonsecho chapita.

Kwa ife amene mbedza timaidziwa ngati chida chopezera ndiwo, nkhani yotereyi imamveka ngati misala ya anthu okhuta. Komatu msikawu ulipo, uli ndi malamulo ake, akatswiri ake ndi akathyali ake. Ku Britain makampani monga Mullock's ndi Angling Auctions akhala akuchititsa okushoni ya zida zowedzera zokhazokha, ndipo makampani akuluakulu ngati Bonhams ndi Christie's adagulitsapo katundu wotere. Ku America osonkhanitsa nyambo zakale ali ndi bungwe lawo, National Fishing Lure Collectors Club, limene lidayamba mu 1976. Munthu akaufatsira msikawu amaona kuti chogulidwa si mphamvu yogwira nsomba ayi, pakuti nyambo ya pulasitiki ya lero imagwira bwino kuposa ya Haskell. Chogulidwa ndi umboni: adachipanga ndani chinthuchi, liti, kuti, ndipo kodi chidakali momwe chidatulukira m'manja mwake? Mtengo wonse, chinyengo chonse ndi chisangalalo chonse cha msikawu zimachokera pa mafunso amenewa.

Kuwedza kongosangalatsa mtima, kosafuna kudzaza mtanga, kudafalikira ku Britain ndi ku America m'zaka za m'ma 1800, njanji zitayamba kufikitsa anthu a m'tauni kumitsinje. Kuwedza kotere kumafuna ndodo yopepuka ndi yofewa, nyambo yonyenga maso a nsomba, ndiponso reel, kamkombero kachitsulo komangidwa kumunsi kwa ndodo kamene kamakulunga chingwe ndi kuchimasula pang'onopang'ono nsomba ikamalimbana. Zipangizo zimenezi zimafuna manja ozolowera tinthu ting'onoting'ono, n'chifukwa chake ambiri amene adaziyambitsa adachokera ku ntchito zina zaluso. George Snyder wa ku Paris, Kentucky, amene adapanga ma reel oyamba a magiya ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, adali wokonza mawotchi, ndipo abale a banja la Meek amene adatchukitsa ntchitoyi ku Frankfort adali a ntchito yomweyo. Tauni ya Redditch ku England idatchuka ndi masingano, ndipo waya wa singano ukapindidwa umasanduka mbedza, motero makampani a Allcock ndi Milward adakulira komweko. Alfred Illingworth wa ku Bradford, munthu wa mafakitale a nsalu, adaona mmene ulusi umasololokera pa makina oluka, ndipo mu 1905 adalembetsa reel imene chokulungira chake sichizungulira poponya, kholo la ma reel ambiri amene ali m'masitolo lero. Kampani ya ABU ya ku Svängsta, Sweden, idayamba mu 1921 ndi mawotchi, kenaka mamita a matakisi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itapha msika wa mamitawo idatembenukira ku ma reel, ndipo mu 1952 idatulutsa Ambassadeur, imene osonkhanitsa amaisakasaka mpaka pano.

Dzina limene limalamulira msikawu ndi Hardy. William Hardy adatsegula shopu ya mfuti ku Alnwick, kumpoto kwa England, mu 1872, mbale wake John James n'kudzamupeza chaka chotsatira, ndipo posakhalitsa zowedzera zidaposa mfuti. Mu 1891 kampaniyi idatulutsa reel yotchedwa Perfect, yoyenda pa timipira tachitsulo tomwe timaichititsa kuzungulira myaa. Zoyambirira zidali za mkuwa wachikasu wokhawokha ndipo zidali zolemera. Kenaka kudabwera za aluminiyamu zokhala ndi nkhope ya mkuwa, pomaliza za aluminiyamu yokhayokha. Kampaniyo inkasinthasintha tizitsulo ta m'kati tomwe timaletsa chingwe kuthamanga, tija timalira kuti tcheketcheke nsomba ikamakoka, moti osonkhanitsa amadziwa msinkhu wa reel pongoitsegula. Amalankhula za mapangidwe a 1896, a 1905, a 1912. Ma Perfect awiri ofanana kunja akhoza kusiyana mtengo kutalitali chifukwa cha kasipuling'i kamodzi ka m'kati. Palinso Cascapedia, reel ya nsomba za salmon imene Hardy adapanga m'zaka za m'ma 1930, zongopitirira pang'ono 100. Imodzi ikatulukira pa okushoni, mbiri imamveka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Chimene chimandikoka mtima ine pa ma reel amenewa ndi zilembo. Ukamasula reel yakale ya Hardy, nthawi zambiri umapeza m'kati mwake zilembo zodinda za mmisiri amene adaimaliza ndi manja, komanso kanambala kodindidwa pa chidutswa chilichonse kuti zidutswa za reel imodzi zisasokonekere ndi za inzake pa tebulo la ntchito. Chilembo D ndi cha Dingley, amene pambuyo pake adachoka n'kukatsegula shopu yakeyake ku Alnwick komweko. Awa adali anthu olembedwa ntchito, olandira malipiro a pa sabata, amene mayina awo sankalembedwa m'mabuku otsatsira malonda. Akadaiwalika onse pakadapanda osonkhanitsa ouma khosi monga John Drewett, amene buku lake la mu 1998 lonena za kampani ya Hardy lidalondola amisiriwa mmodzimmodzi. Lero wogula amatsegula reel n'kunena kuti iyi idadutsa m'manja mwa uje. Pamenepa ndi pamene ndimaona phindu lenileni la chizolowezi chimene poyamba chimaoneka ngati kutaya ndalama.

Ndodo zili ndi nkhani yakeyake. Ndodo yabwino ya nsungwi si nsungwi yongodula n'kumangirira chingwe. Mmisiri amaing'amba, amapala timizere 6, kalikonse ka ngodya zitatu ndi kopyapyala kumka kunsonga, kenaka amatimata ndi guluu kuti tipange ndodo imodzi ya mbali 6. Akaphonya ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, ndodoyo siiponya bwino. Hiram Leonard, nayenso mmisiri wa mfuti, adapanga makina opalira timizereti ku Bangor, Maine, m'zaka za m'ma 1870, ndipo ena mwa antchito ake, Payne, Thomas ndi Edwards, atachoka adayambitsa mayina amene lero ndi odula kwambiri. Nsungwi imene onsewa adadzaikonda ndi ya Tonkin, yomera m'dera laling'ono m'mbali mwa mtsinje wa Sui kumwera kwa China. Mu 1950, pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, America idaletsa malonda ndi China, nsungwiyo idasiya kufika, ndipo nthawi yomweyo ndodo za fiberglass zotchipa zidadzaza masitolo. Mafakitale ambiri a nsungwi adatha, kudatsala amisiri ochepa ogwira ntchito paokha. Everett Garrison, injiniya wa ku New York, adapanga ndodo pafupifupi 650 moyo wake wonse, ndipo imodzi yosawonongeka imagulidwa madola masauzande ambiri.

Pa ndodo pali chinthu chimene chimadabwitsa obwera kumene. Chindodo chachitali cha salmon, cha mamita 4 kapena 5, chokongola ndi cholemera, kawirikawiri chimapita pa mtengo wochepa, pamene kandodo kakafupi ka nsomba za trout ka mamita 2 kamalimbiranidwa. Chifukwa chake n'chakuti kakafupiko anthu amawedzerabe nako, pamene chachitalicho chimatopetsa mkono, sichikwana pakhoma, ndipo kuchitumiza pa positi n'kodula. Palinso ndodo za nsungwi za ku Japan za m'mabokosi a matabwa, zimene asilikali a America ankabwera nazo kwawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Zimaoneka zapamwamba, mabanja amazisunga ngati chuma, koma zidapangidwa zochuluka ndi mothamanga, ndipo pa okushoni sizipita patali. Ukalamba pawokha si mtengo.

Nyambo zosema ndi gawo la America makamaka. James Heddon wa ku Dowagiac, Michigan, mlimi wa njuchi, adayamba kugulitsa nyambo za mtengo mu 1902, ndipo makampani a Creek Chub, Pflueger, Shakespeare ndi South Bend adapikisana naye popanga tinsomba ta mtengo ta maso a galasi, topakidwa utoto kambirimbiri. Apa mtundu wa utoto ndiwo umalamula: nyambo imodzimodziyo ya utoto wamba imagulidwa madola ochepa, ya utoto umene udapangidwa chaka chimodzi chokha n'kukwera kwambiri. Ku Finland, msodzi wosauka Lauri Rapala adasema nyambo yake yoyamba mu 1936 pafupi ndi nyanja ya Päijänne, n'kuikulunga ndi pepala lonyezimira, pamwamba n'kuthira mafilimu a zithunzi osungunula m'malo mwa vanishi. Iyeyo ankafuna chakudya cha banja lake basi, koma dzina lake lero lili m'masitolo a zowedzera padziko lonse.

Okushoni yeniyeniyo imayenda chonchi. Mwini katundu, amene nthawi zambiri amakhala mkazi wamasiye kapena ana a msodzi womwalira, amapereka zida kwa kampani yogulitsa. Katswiri wa kampaniyo amazigawa m'magulu, gulu lililonse n'kulipatsa nambala, ndipo amalemba kabuku kofotokoza chinthu chilichonse pamodzi ndi mtengo woyerekezera, wotsika ndi wokwera. Pamakhalanso mtengo wachinsinsi umene mwiniwake wagwirizana ndi kampani kuti katundu asapite pochepera pamenepo. Malonda asanayambe anthu amaloledwa kudzagwira ndi kutsegula zinthuzo. Amene adaonapo okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa liwiro la malonda otere, kuti zinthu zimatha munthu asanameze malovu. Kusiyana kwake n'kwakuti ogula fodya ndi akatswiri a makampani okhaokha, pamene apa katswiri amakhala mpando umodzi ndi mlendo amene wabwera koyamba. Woitanira malonda amatchula nambala, mitengo imachokera m'manja okwezedwa m'holo, pa mafoni, pa intaneti, ndi m'mapepala a amene adasiyiratu mtengo wawo polemba. Nyundo ikagunda, pangano latheka.

Mtengo wa nyundo si umene wogula amalipira, ndipo ambiri amagwa apa. Kampani imawonjezera gawo lake pamwamba, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 25 peresenti, ndipo ku Britain gawo limenelo limalipiridwanso msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Tiyerekeze kuti nyundo yagunda pa mapaundi 400 ndipo kampani imatenga 22 peresenti. Gawo lake ndi mapaundi 88, msonkho ndi 17.60, ndiye kuti wogula atulutsa 505.60, asanawerengere ndalama imene ena amadula kwa ogula pa intaneti, kulongedza ndi kutumiza. Wogulitsa naye salandira 400 yonse, chifukwa kampani imadulako mbali yake kumenekonso. Pakati pa zimene wogula walipira ndi zimene wogulitsa walandira pali mpata waukulu, moti wogula lero n'kugulitsa chaka chamawa pa mtengo wa nyundo womwewo waluza ndithu. Amene amalowa msikawu poganiza kuti ndi njira yosungira ndalama ayenera kuwerengera zimenezi asanakweze dzanja.

Palinso mayendedwe ena a m'holo oyenera kuwadziwa. Malamulo a ku Britain amalola woitanira malonda kukweza mtengo m'malo mwa mwini katundu mpaka kufika pa mtengo wachinsinsi uja, bola ngati zidalembedwa m'ndondomeko ya malondawo, choncho mlendo akhoza kuganiza kuti akulimbana ndi munthu pamene palibe aliyense. Chimene lamulo limaletsa, kuyambira mu 1927, ndi pangano la amalonda loti asapikisane, agule motchipa, kenaka akagawane kuseri. Komabe mdani wamkulu wa wogula ndi mtima wake womwe. Anthu awiri akafuna chinthu chimodzi, aliyense amayamba kumva ngati n'chake kale, ndipo kusiya kumaoneka ngati kugonja pamaso pa anthu. Ogula okhwima amalemberatu malire awo m'kabuku, atawerengera ndalama zonse zowonjezera zija, ndipo mtengo ukadutsa pamenepo amatsitsa dzanja.

Chimene chimakweza mtengo kuposa zonse, pambali pa kusowa kwa chinthucho, ndi kusakhudzidwa. Nyambo imene sidalowepo m'madzi, ili m'kabokosi kake ndi kapepala ka malangizo, imaposa kutali inzake imene idagwira nsomba zaka 30. Nthawi zina kabokosi kopanda kanthu kamagulidwa kuposa nyambo imene idali m'katimo, chifukwa asodzi ankataya mabokosi n'kusunga nyambo. Ma reel akale a Hardy adali ndi khungu lakuda lotuwira limene amisiri ankapaka dala kuti chitsulo chisanyezimire n'kuopsa nsomba. Mdzukulu wachifundo akaitenga reel yotere n'kuikwecha mpaka kuwala, wachotsa gawo lalikulu la mtengo wake masana amodzi. Chimodzimodzi ndodo: kupaka vanishi watsopano, kusintha ulusi womangira timphete, kapena nsonga imene idathyoka n'kufupika ndi masentimita ochepa, zonsezi zimatsitsa mtengo ngakhale ndodoyo ikuponyabe bwino.

Pamene pali mtengo pamabweranso chinyengo. Pali amisiri odziwa kupakanso utoto nyambo wamba kuti ioneke ya mtundu wosowa, ena amasindikiza mabokosi atsopano n'kuwadetsa kuti aoneke akale, ena amazokota dzina la kampani yotchuka pa reel yopanda dzina. Chofala kwambiri ndi kukwatitsa zidutswa: thupi la reel ina, chokulungira cha ina, phazi la inanso. Apa tinambala ta amisiri tija timathandiza, chifukwa tikasiyana ndiye kuti zidutswazo sizidabadwire pamodzi. Pa nyambo zosema, osonkhanitsa amayenda ndi tochi ya kuwala kwa ultraviolet, imene imaonetsa malo opakidwa utoto watsopano, ndipo amayang'ana timing'alu ting'onoting'ono timene vanishi wakale amachita mwa yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chinthu cha zaka 100 chikamawala ngati cha dzulo, munthu ayenera kufunsa chifukwa chake. Kampani ya Hardy nayonso idatulutsanso mitundu ina yakale, monga Cascapedia ndi Bouglé, m'zaka zaposachedwa. Zimenezi si zachinyengo, ndi zabwino ndithu, koma wosadziwa akhoza kuzilipira ngati za m'ma 1930. Makampani ambiri a okushoni amagulitsa katundu momwe alili, ndipo amalandiranso chinthu pokhapokha chikapezeka kuti n'chonamizira, m'masiku ochepa olembedwa m'ndondomeko yawo. Amene sangathe kufika kukagwira yekha ali ndi ufulu wopempha lipoti lofotokoza zilema zonse ndi zithunzi za m'kati. Mawu a m'kabuku nawonso ali ndi tanthauzo: kulemba kuti chinthu adachipanga ndi uje n'kosiyana ndi kulemba kuti akuchiganizira kuti n'cha uje, kapena kuti n'chofanana ndi za uje.

Mbiri ya amene adachigwiritsa ntchito imawonjezera mtengo, koma pokhapokha pali pepala. Mu September 1952 Richard Walker adagwira nsomba ya carp yolemera mapaundi 44, pafupifupi makilogalamu 20, padziwe la Redmire ku Herefordshire, pogwiritsa ntchito ndodo ya nsungwi imene adaikonza yekha. Nsombayo adakaisunga yamoyo ku London Zoo, kumene idadziwika ndi dzina loti Clarissa. Kampani ya B. James & Son ya ku Ealing idayamba kupanga ndodo za mtunduwo, Mark IV, ndipo mpaka lero zimagulidwa bwino, makamaka zoyambirira. Koma ndodo ya mtundu wa Walker ndi yosiyana ndi ndodo imene Walker mwini adaigwira. Kuti munthu alumphe mpata umenewo ayenera kuonetsa kalata, lisiti kapena chithunzi, osati nkhani ya agogo yokha. Ndi chifukwa chomwechi nsomba zouma za m'mabokosi a galasi lopindika, makamaka za J. Cooper & Sons a ku London, zimakhala zodula zikakhala ndi zilembo zagolide zonena kulemera kwa nsomba, tsiku, mtsinje ndi dzina la woigwira. Ndiponso ndi zilembo zomwezo zimene akathyali amakonda kuwonjezera.

Pali mbali ina ya msikawu imene siyenera kubisidwa. Ma reel ena a m'zaka za m'ma 1800 ali ndi zogwirira za mnyanga wa njovu, ngakhale ambiri oonekera oyera ndi a pulasitiki yakale yotsanzira mnyanga. Britain idakhazikitsa lamulo loletsa malonda a minyanga mu 2018, lidayamba kugwira ntchito mu June 2022, ndipo chinthu chopangidwa chisanafike chaka cha 1947 chimaloledwa kugulitsidwa pokhapokha mnyanga uli wosafika 10 peresenti ya chinthucho ndipo chalembetsedwa ku boma. Nkhani ya nthenga ndi yowawa kuposa pamenepa. Asodzi a salmon a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankamanga ntchentche zonamizira ndi nthenga za mbalame zosowa za ku South America ndi ku Asia, ndipo buku la George Kelson la mu 1895 lidalemba ndondomeko zake. Lero pali anthu amene amamanga ntchentche zimenezi zongoonetsa, osati zowedzera, ndipo amafuna nthenga zenizeni zomwezo. Mu June 2009 Edwin Rist, mnyamata wa ku America amene ankaphunzira kuimba chitoliro ku London, adathyola nyumba yosungiramo mbalame ya Natural History Museum ku Tring n'kuba zikopa za mbalame 299, zina mwa izo zimene wasayansi Alfred Russel Wallace adazisonkhanitsa m'zaka za m'ma 1850. Zina adazizula nthenga n'kugulitsa, ndipo zina zimene zidapezeka zidali zitachotsedwa timapepala tonena malo ndi tsiku, zopanda ntchito kwa asayansi. Chilakolako chofuna chinthu chenicheni chakale chidawononga umboni wa mtundu wina, wofunika kuposa. Wosonkhanitsa aliyense amene amagula nthenga osafunsa kumene zachokera ali ndi gawo pa mlandu wotere.

Intaneti idasintha msikawu mbali ziwiri. eBay itayamba mu 1995, zinthu zimene anthu ankaziyesa zosowa zidatuluka m'magalaja ndi m'madenga mwaunyinji, ndipo mitengo ya katundu wapakati idatsika. Zosowa zenizeni zidakwera, chifukwa tsopano wogula wa ku Tokyo akhoza kulimbana ndi wa ku Oslo pa reel imene ili m'holo ya m'tauni yaing'ono ku Shropshire. Osonkhanitsa ambiri a m'badwo woyamba akalamba, ndipo zosonkhanitsa zawo zikubwerera pa msika zonse pamodzi, pamene achinyamata amakonda zida zimene iwo adakula nazo, za m'ma 1970 ndi 1980. Kwa woyamba kumene imeneyi ndi nthawi yabwino. Reel ya Mitchell 300 ya ku France, imene idapangidwa miyandamiyanda, kapena reel ya J. W. Young ya ku Redditch, imapezeka pa mtengo wochepa, ndipo munthu amaphunzirirapo kumasula, kuyerekeza ndi kuzindikira zosinthidwa popanda kuika ndalama zambiri pangozi.

Funso limene limagawa osonkhanitsa ndi lakuti chida chakale chizikhala m'kabati kapena chizipita kumtsinje. Pa nyambo ya Haskell ndi reel ya Snyder palibe mtsutso, zatsala zochepa zedi ndipo malo ake ndi otetezedwa, ngati American Museum of Fly Fishing ya ku Manchester, Vermont. Koma zinazi ine ndili kumbali ya ozigwiritsa ntchito. Reel ya Allcock Aerial, imene Henry Coxon adaiganiza ndipo idatuluka mu 1896, ili ndi masipoko onga a njinga ndipo imazungulira ndi mphamvu ya madzi oyenda yokha. Luso limenelo silioneka kuseri kwa galasi, limamveka m'chala cha woigwira. Mu 1980 Chris Yates adaphwanya mbiri ya Walker padziwe lomwelo la Redmire ndi carp yolemera mapaundi 51 ndi theka, ali ndi ndodo ya nsungwi pa nthawi imene anzake ambiri adali atasamukira ku zamakono. Zimandiwawa kuti msika umalipira kwambiri chida chimene sichidagwirepo ntchito, chifukwa chogwirira chodetsedwa ndi thukuta la zaka 40 nachonso ndi umboni, wa munthu amene adachikonda.

Kuno kwathu zida zoterezi zidafika ndi atsamunda. Nsomba za trout zidaikidwa m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba, ku Mulanje ndi ku Nyika kuti azungu aziwedza monga kwawo, ndipo mcheni wa ku Shire wakumunsi ndi ku Zambezi udakoka asodzi a masewera. Mpikisano wa nsomba imeneyi pa nyanja ya Kariba udayamba mu 1962. Koma zida zathu zenizeni ndi zina: mono wolukidwa ndi bango kapena nsungwi, bwato losema, nkhafi, maukonde a luzi la m'tchire, ndi aja a ulusi wosolola m'matayala akale amene asodzi a m'nyanja ankaluka nayiloni isanafale m'zaka za m'ma 1950. Luso lake silichepa poyerekeza ndi la ku Alnwick. Chimene chikusowa ndi chilembo D chija. Mono amawola, ukonde umadyedwa ndi chiswe, ndipo ngakhale zimene zasungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Chichiri ndi ku Mangochi zikadatiuza zambiri pakadakhala chizolowezi cholemba dzina la woluka, mudzi wake ndi chaka. Okalamba amene adaluka ukonde wa luzi ali anyamata atsala ochepa, ndipo kulemba zimenezi sikufuna mapaundi.

Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, kugula pa okushoni ya ku Britain n'kovuta: ndalama zakunja n'zosowa, pamwamba pa mtengo pali kutumiza ndi msonkho wolowetsera katundu, ndipo chinthu chikafika ndi chilema n'kovuta kuchibweza. Chotheka kwambiri ndi kupeza reel yakale m'katundu wa kaunjika wochokera ku Ulaya, kapena m'bokosi la malemu amene adagwirapo ntchito m'nyumba za azungu. Woipeza asathamangire kuikwecha ndi mchenga kapena mankhwala owalitsira zitsulo. Angoipukuta fumbi ndi kansalu kouma, aijambule kunja ndi m'kati pomwe pali zilembo ndi manambala, alembe papepala kumene yachokera ndi amene ankaigwiritsa ntchito, ndipo asataye chikwama chake chachikopa ngakhale chitang'ambika. Makampani ambiri a okushoni amapereka mtengo woyerekezera kwaulere munthu akawatumizira zithunzi. Ngati chogwirira chake ndi choyera ndipo chili ndi timizere topingasana, asaigulitse kapena kuitumiza kunja asanatsimikize kuti si mnyanga, pakuti lamulo loteteza nyama zakutchire ku Malawi limapereka chilango cha kundende pa malonda a minyanga.